Kodi koyilo yaikulu ingalowe m'malo mwa batire la sola?

Funso la lero lachokera kwa mmisiri wina wokonza njinga zamoto ndi kuwotcherera zitsulo pa Lizulu. Akuti: "Tsiku lina ndimayesa choki yakale ya getsi la chubu ndi batire la njinga, kuti ndione ngati waya wake sanaduke mkati. Polumikiza sindinamve kanthu, koma pochotsa waya magetsi anandimenya mpaka chigongono chinachita dzanzi. Chonsecho batire la ma volt 12 ndimaligwira tsiku ndi tsiku osamva kalikonse. Mnzanga akuti koyilo imasunga magetsi. Ngati n'zoona, bwanji ndisakulunge koyilo yaikulu kwambiri kuti izindisungira magetsi a sola? Mabatire andimaliza, ili ndi lachitatu m'zaka zinayi."

Achimwene, funso lanu ndalikonda chifukwa lachokera pa benchi yogwirira ntchito, ndipo chigongono chanucho chadziwa kale zimene ena amangoziona pa bolodi. Mnzanuyo sananame, koyilo imasungadi mphamvu. Koma kasungidwe kake si kamene mukukaganizira. Mukakamvetsa, ndalama ya wayayo muisunga, komanso muyamba kuzindikira chimene chimawotcha zipangizo zina pa shopu panu popanda chifukwa chooneka.

Mawu akuti kusunga ndi amene akusokoneza. Ife tikati kusunga, m'mutu mumabwera nkhokwe: wathiramo chimanga mu Juni, watseka, ukachipeza mu Disembala. Batire lili ngati nkhokwe ndithu, mphamvu yake imagona mu mtovu ndi asidi n'kumadikira tsiku limene muifune. Koyilo ayi. Koyilo ili ngati lole yodzaza matumba a kachewere imene ikutsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti. Loleyo ili ndi mphamvu zoopsa, koma mphamvuzo zili m'kuyenda kwakeko. Ikangoima, zatha. Simungaigoneke pa Golomoti n'kuyembekezera kuti m'mawa liwiro la dzulo mulipeza likadali momwemo. Koyilo nayo imagwira mphamvu pokhapokha karenti ikuyenda m'waya wake.

Chimachitika mkatimo n'chiyani? Karenti ikamayenda m'waya aliyense, kuzungulira wayayo kumabadwa mphamvu ya maginito. Anayamba kuziona ndi Hans Christian Ørsted ku Copenhagen mu 1820, ataona muvi wa kampasi ukupotoka pafupi ndi waya wonyamula magetsi. Waya wowongoka maginito ake ndi ochepa. Mukamupinda n'kumukulunga kambirimbiri, mkombero uliwonse umawonjezera maginito ake pa a unzake, ndipo mukalowetsa chitsulo pakati amachulukirachulukira. Koyilo ndi imeneyo basi, palibe china chobisika, ndipo choki yanu ija ndi koyilo yotere. Koma maginitowo sabwera ulere. Kuti akule, batire liyenera kugwira ntchito, monga momwe injini ya lole imafukira utsi pofuna kuyendetsa katundu amene anali chiimire. Ntchito imene batire lagwirayo siitayika yonse, ina imakakhala m'maginito aja. Ndiye mphamvu ya koyilo sili m'kati mwa kopa ngati madzi m'paipi, ili m'maginito amene azinga wayayo ndi kudutsa m'chitsulo.

Mu 1831 Michael Faraday ku London anapeza mbali yachiwiri ya nkhaniyi: maginito akamasintha, kukula kapena kuchepa, amabala ma volt m'waya amene ali pafupi. Mu 1834 Heinrich Lenz anawonjezera kuti ma volt amenewo nthawi zonse amalimbana ndi kusintha kumene kwawabala. Ndiye onani mmene zikugwirizanira. Waya amene ali pafupi kwambiri ndi maginito a koyilo ndi waya wa koyilo yomweyo. Mukafuna kukweza karenti, maginito amakula, koyilo n'kubala ma volt okankhira m'mbuyo, karenti n'kumakwera pang'onopang'ono. Mukafuna kuidula karenti, maginito amayamba kugwa, koyilo n'kubala ma volt okankhira kutsogolo kuti karentiyo ipitirire. Pa chinthu chimodzi ichi koyilo ndi nkhutukumve: silola kuti karenti isinthe mwadzidzidzi. Zimene zinakuchitikirani inuzo anazionanso Joseph Henry ku Albany ku America, ndipo anazilemba mu 1832. Iye anadabwa kuti waya wautali wokulungidwa amathetheka pomuchotsa pa batire, pomwe pomulumikiza sathetheka kwenikweni. N'chifukwa chake kulemera kwa koyilo timakuyeza m'ma henry.

Ndati kulemera mwadala. Ma henry a koyilo ali ngati kulemera kwa lole, karenti ili ngati liwiro. Masamu ake ndi amodzi: mphamvu yosungidwa ndi theka la ma henry, kuchulukitsa ndi ma amp, kuchulukitsanso ndi ma amp omwewo, yankho n'kutuluka m'ma joule. Popeza ma amp akulowa kawiri, mukawirikiza karenti kawiri mphamvu imakwera kanayi. Dalaivala aliyense amadziwa kuti kuimika galimoto pa 80 kumafuna msewu wautali kwambiri kuposa kuwirikiza kawiri wa pa 40. Nayo mikombero ili chimodzimodzi, mukaiwirikiza kawiri pa chitsulo chomwecho ma henry amakwera kanayi.

Tiyeni titenge choki yanu ija. Choki ya chubu lalitali imakhala ndi henry imodzi kapena kuyandikira pamenepo, ndipo waya wake woondayo tiyerekeze kuti ali ndi ma ohm 40. Pa batire la ma volt 12 mudutsa ma amp 0.3. Theka la 1, kuchulukitsa ndi 0.3, kuchulukitsanso ndi 0.3, tipeza ma joule 0.045. Ndi kamphamvu kochepetsetsa, kosakwana kuyatsa babu la tochi kwa sekondi imodzi. Nanga kanakupwetekani bwanji? Chifukwa cha kufulumira kwa dzanja lanu. Ma volt amene koyilo imabala amadalira liwiro limene karenti ikusinthira. Mukadula ma amp 0.3 aja m'gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, choki ibala ma volt 300. Mukafulumira kakhumi kuposa pamenepo, ikhoza kufika ma volt 3,000. Koyilo imangokweza ma volt mpaka itapeza njira yodutsa, kaya ndi mpweya umene uli pakati pa waya ndi thamino, kaya ndi zala za munthu amene wagwira nsonga zonse ziwiri. Tsiku limenelo njirayo munali inu. Lole yothamanga ikaima ndi mabuleki imaima bwinobwino, ikaima ndi khoma la njerwa khomalo limamwazika, chonsecho mphamvu ndi yomweyo. Kuchotsa waya mwadzidzidzi kuli ngati khoma lija.

Mwayi wanu unali wakuti choki ndi yaing'ono. Musadzayese zomwezo pa waya wa mota yaikulu ya chigayo kapena pa thiransifoma ya makina owotcherera mutagwira nsonga ndi manja, chifukwa mmenemo mumadutsa ma amp ambiri, ndipo tanena kale kuti ma amp amalowa kawiri m'masamu.

Tsopano ku funso lanu lenileni, la sola. Batire la ma volt 12 la 100 Ah likadzaza limasunga ma watt-hour 1,200, kupitirira pang'ono yuniti imodzi ya ESCOM. M'ma joule ndi 4,320,000. Gawani nambala imeneyi ndi 0.045, mupeza kuti pafunika machoki 96 miliyoni kuti afanane ndi batire limodzi. Mwina munganene kuti choki ndi kachinthu kakang'ono, ine ndikulunga yaikulu ngati mgolo. Apa mukumana ndi malire a chitsulo chenichenicho. Chitsulo chimakhuta. Maginito akafika pa ma tesla 1.5 mpaka 2 (tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito), chitsulo cha thiransifoma sichilandiranso ena ngakhale muwonjezere karenti motani. Ndipo malo aakulu ngati migolo isanu ya malita 200, atadzaza ndi maginito a ma tesla 1.5, amasunga kota ya yuniti basi. Kuti mufike pa batire lanu limodzi lija pafunika malo opitirira migolo 20 odzaza maginito amphamvu chotero, osawerengera matani a chitsulo ndi kopa ozungulira malowo.

Koma vuto lalikulu si kukula. Vuto ndi lakuti karenti iyenera kumayendabe kuti mphamvuyo ikhalepo, ndipo waya wa kopa amatentha karenti ikamadutsa. Bwererani ku choki ija: ma volt 12 kuchulukitsa ndi ma amp 0.3 ndi ma watt 3.6, kutanthauza kuti sekondi iliyonse batire likutaya ma joule 3.6 m'kutenthetsa waya, pofuna kusunga ma joule 0.045. Zili ngati kulemba mlonda amene malipiro ake a sekondi imodzi akuposa katundu amene akulondayo maulendo 80. Mukati muchotse batire n'kulumikiza nsonga ziwiri za choki kuti karenti izingozungulira yokha, izunguliradi, koma pasanathe kota ya sekondi yonse yasanduka kutentha. Koyilo yaikulu ya waya wonenepa ikhoza kugwira kwa sekondi zingapo. Dzuwa likamalowa kuseri kwa mapiri a ku Mozambique, inu mukufuna mphamvu yodikira maola khumi ndi awiri.

Pali njira imodzi yokha yozembera vutoli, ndipo ndiitchule kuti mudziwe kuti maganizo anu si opusa, akatswiri anawalondola mpaka pamapeto. Mu 1911 Heike Kamerlingh Onnes ku Leiden anapeza kuti zitsulo zina zikazizira kufika cha pa madigiri 269 pansi pa ziro, karenti imadutsa popanda chopinga chilichonse. Koyilo ya waya wotero mukailumikiza nsonga zake, karenti imazungulira miyezi ndi zaka osachepa. Makina a MRI a m'zipatala zikuluzikulu amayendera zimenezi. Ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi pafupi ndi Geneva, kuli ngalande yozungulira ya makilomita 27 yodzaza makoyilo otere, ndipo onse pamodzi akadzaza amasunga mayunitsi pafupifupi 3,000. Tsopano tsikirani kwathu konkuno ku Golomoti. Malo opangira magetsi a dzuwa a ma megawatt 20 amene anayamba kugwira ntchito mu 2022 ali ndi mabatire a lithium osunga mayunitsi 10,000. Mabatire a ku Golomoti akuposa katatu makoyilo onse a ku CERN, popanda wowazizitsa ndi helium, mpweya umene amaziziritsira makoyilo aja. Amene anamanga ku Golomoti akanaona kuti koyilo ingathe ntchitoyi motchipa, sakanagula mabatire.

Ndiye waya musagule. Ndipo poti tatchula waya, ndikupempheni chinthu chimodzi monga mmisiri mnzanu: kopa wotchipa amene amabwera naye anyamata madzulo, wonunkha mafuta a thiransifoma, mukaneni. Thiransifoma imodzi ikaphwasulidwa, chigayo, chipatala chaching'ono ndi shopu yanu yomwe zimakhala mu mdima miyezi.

Nanga ngati koyilo siingasunge mphamvu nthawi yaitali, n'chifukwa chiyani ili paliponse? Chifukwa imalandira ndi kubweza mofulumira kuposa batire lililonse, ndipo sitopa. Batire la mtovu mukalidzaza ndi kulikhuthula maulendo mazana angapo latha. Koyilo imadzaza ndi kukhuthula maulendo masauzande pa sekondi kwa zaka makumi awiri, bola isatenthe mpaka vanishi kupsa. Ntchito yake si ya nkhokwe, ndi ya chipande chotungira.

Tsegulani controller yanu ya sola, ngati ndi ya mtundu wa MPPT. Mupezamo kamphete kolemera kokulungidwa waya wonenepa. Panelo ikhoza kumapereka ma volt 36, batire likufuna cha pa 14. Ka transistor, kaswichi kotsegula ndi kutseka ndi magetsi, kamatsegula njira, koyilo n'kutunga mphamvu pang'ono kuchokera ku panelo, ka transistor n'kutseka, koyilo pokana kuti karenti iime n'kukhuthulira mphamvuyo m'batire pa ma volt amene batirelo likufuna. Chipande chimodzi chikhoza kukhala ma joule 0.002 okha, koma chikatunga maulendo 50,000 pa sekondi ndi ma watt 100. Tchaja ya foni imachita zomwezo. Ndi chifukwa chomwechi makina owotcherera a inverter mumawanyamula ndi dzanja limodzi, pomwe akale a thiransifoma mumaitana anthu awiri ndi wilibala. Akalewo amatunga pa liwiro la magetsi a ESCOM, ndiye amafuna chipande chachikulu. Atsopanowa amatunga maulendo masauzande makumi angapo pa sekondi, chipande chaching'ono n'kukwanira.

Choki imene inakumenyaniyo ntchito yake inali kumenya kumene. M'getsi la chubu, sitata imalumikiza kwa kanthawi kuti karenti idutse m'choki, kenako imadula mwadzidzidzi ngati momwe munachitira inu. Choki imaponya ma volt mazanamazana, mpweya wa m'chubu n'kuyaka. Kuphethira kuja getsi lisanayake ndi sitata ikuyesa kachiwiri ndi kachitatu. Likayaka, choki yomweyo imasanduka buleki, kuletsa karenti kuti isathamange n'kuwotcha chubu. Koyilo ya galimoto zakale za mapoyinti nayo ndi choncho: mapoyinti akatsekeka, ma amp anayi kapena asanu amadzaza maginito, mapoyinti akatseguka maginito amagwa, ndipo waya wachiwiri wa mikombero masauzande amabala ma volt opitirira 15,000 amene amadumpha pa pulagi. Koma pa njinga zambiri za kabaza zimene mumakonza pali kusiyana. Zili ndi CDI, kabokosi koyendetsa moto wa pulagi, ndipo mmenemo wosunga mphamvu ndi kapasita, kachipangizo kosunga magetsi pakati pa timbale tiwiri tosakhudzana, koyilo imangokweza ma volt ngati thiransifoma. Ndikunena izi chifukwa ndaona amisiri akusintha koyilo kawiri katatu pa njinga yosathetheka pulagi, vuto lili m'bokosi la CDI kapena m'waya wochokera ku magineto.

Pali chinthu china chimene ndikufuna muchione ndi maso, chifukwa inu mumakulunga ndi kumasula zinthu zimenezi. Mukaphwasula choki yabwino mupeza kuti zitsulo zake sizikumana kotheratu. Pamakhala kampata kochepa, nthawi zina ataikapo kapepala kolimba kapena kapulasitiki. Ndili mnyamata, ndikuphunzira ntchito pa shopu ina pa Dedza boma, anandipatsa choki ya makina owotcherera a DC, magetsi oyenda mbali imodzi ngati a batire, kuti ndiitsuke ndi kuimanganso. Ndinapeza timapepala tiwiri tofiirira pakati pa zitsulo, tokhuthala ngati chikuto cha kope. Ndinayesa ndi zinyalala za ku fakitale, ndinatitaya, n'kumanga mabawuti mpaka zitsulo zinapsompsonana. Bwana atayesa kuwotcherera, moto unkalira ngati mafuta okazingira tchipisi atagweramo madzi, ndodo ikumatirira, mbaliwali zili mbwee. Anazimitsa makina, anayang'ana chokiyo kamodzi kokha n'kundifunsa kuti, "Timapepala tija tili kuti?" Tinakatitola m'dzala. Atatibwezeretsa, moto unayamba kuyenda mosalala ngati kale. Anandifotokozera kuti popanda mpata chitsulo chimakhuta msanga ndi ma amp ochepa, ndiye pofika pa ma amp 100 owotcherera chimakhala chilibenso malo olandirira, choki n'kungosanduka waya wamba. Mpata umachedwetsa kukhutako. Pambuyo pake, nditafika pa masamu ake, ndinapeza kuti mphamvu yambiri ya choki yotero imakhala m'kampata komweko, osati m'chitsulo. Chitsulo ndi msewu chabe wotsogolera maginito, katundu amatsitsidwa pa mpata. Mpaka lero ndikamasula choki ndimayeza kampatako ndisanachotse kalikonse.

Pa magetsi a ESCOM nkhaniyi imasintha maonekedwe pang'ono. Magetsi athu ndi a ma volt 230 ndipo amapita ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi, ndiye amatchedwa AC. Ulendo uliwonse karenti imafika pachimake kawiri ndi kudutsa pa ziro kawiri, ndiye koyilo iliyonse yolumikizidwa imadzaza ndi kukhuthula maulendo 100 pa sekondi. Imabwereka mphamvu ku mawaya n'kubweza, kubwereka n'kubweza. Mphamvu yobwerekedwayo sipera chimanga, koma imadutsa m'mawaya ndi kuwatenthetsa, ndipo imadya malo m'thiransifoma. Mota ya chigayo ndi makoyilo okhaokha, makamaka ikamazungulira yopanda chimanga, karenti yambiri imene imakoka ndi yobwereka yomweyi. N'chifukwa chake mafakitale amalipitsidwanso pa ma kVA, muyeso umene umawerengera ndi karenti yobwereka yomwe, ndipo amaika makapasita pafupi ndi mamota. Kapasita amadzaza pa nthawi imene koyilo ikukhuthula, ndipo amakhuthula pa nthawi imene koyilo ikudzaza. Awiriwo amangobwerekana okhaokha ngati anansi obwerekana mchere, osavutitsa msewu wopita ku golosale.

Reactor imene mumamva amisiri a mizere ikuluikulu akuitchula ndi koyilo yomweyi, yaikulu ngati kanyumba, ndipo ilibe ubale ndi reactor ya nyukiliya kupatula dzina. Nsanja zazitali za mzere wa ma volt 400,000 wochokera ku Phombeya ku Balaka kukafika ku Nkhoma, umene unatha mu 2018 ndipo umadutsa m'maboma athu a Ntcheu ndi Dedza, zanyamula mawaya a makilomita 173. Mawaya aatali chotero, otambalala pamwamba pa nthaka, amachita okha ngati kapasita wamkulu. Pakati pa usiku, zigayo zitatseka ndipo anthu atagona, ukapasita umenewo umasowa woulandira, ndipo ma volt a kumapeto kwa mzere amakwera kuposa a kumene magetsi akuchokera. Sebastian de Ferranti anakumana nazo cha m'ma 1890 pa zingwe zake za ma volt 10,000 zochokera ku Deptford kulowa mu London, ndipo vutoli limatchedwa ndi dzina lake. Mankhwala ake pa mizere yaitali ndi kulumikiza reactor kuti izimwa mphamvu yobwerekanayo. Pa chigayo koyilo yachuluka timathira kapasita, pa mzere wautali kapasita wachuluka timathira koyilo. Palinso ma reactor ena oikidwa mu mzere weniweniwo, kuti mawaya akagundana karenti isalumphe mwadzidzidzi kufika poswa zipangizo buleka isanadule. Ndi unkhutukumve womwe uja, ataulemba ntchito yolondera.

Zitatu izi zikukhudza shopu yanu mwachindunji. Choyamba ndi chizolowezi chochotsa thamino ya batire injini ikulira, kaya poyesa ngati alternator ikutchaja, kaya pobweza batire lobwereka. Chisiyeni. Alternator ndi makoyilo odzaza maginito, ndipo batire ndi limene limameza zimene ikutulutsa. Mukalichotsa mwadzidzidzi ma volt akhoza kulumpha kufika 80 kapena 100 kwa kanthawi kochepa. Galimoto zakale zinkapirira, koma za masiku ano zili ndi kompyuta ya injini, ndipo mtengo wake mukuudziwa. Yezani ndi mita: injini ikulira, pa batire pazioneka ma volt 13.8 mpaka 14.4.

Chachiwiri ndi relay kapena solenoid, swichi kapena kachitsulo kokokedwa ndi maginito a koyilo, yoyendetsedwa ndi transistor, monga m'ma alamu, m'matayima ndi m'mapampu a sola. Transistor ikadula, koyilo ya relay imaimenya ngati inakumenyerani inu, ndipo tsiku lina imapsa. Ikani diode, kachipangizo kolola karenti kudutsa mbali imodzi yokha, monga 1N4007 yomwe imapezeka m'mawailesi akufa, mopingasa nsonga ziwiri za koyilo, mbali ya kamzere koyera iyang'ane ku positive. Nthawi zonse diodeyo imangokhala osachita kanthu, koma podula imapatsa karenti njira yozungulira mpaka itafa yokha. Izi ndi za DC zokha, pa AC diode yotero ichita shoti.

Chachitatu n'chakuti swichi ya m'nyumba ya AC si yodulira magetsi a sola kapena a mabatire. Pa AC moto wothetheka umazima wokha chifukwa karenti imadutsa pa ziro maulendo 100 pa sekondi. DC ilibe ziro, motowo umakakamira mpaka pulasitiki kusungunuka. Gulani buleka yolembedwa DC. Ndipo musasokoneze ziwirizi: koyilo imaluma pa nthawi yodula, ikatero yatha, koma kapasita amadikira. Makina owotcherera a inverter mutawazula ku soketi amakhalabe ndi ma volt opitirira 300 m'makapasita ake kwa kanthawi, ndiye yezani musanalowetsemo dzanja.

Za mabatire atatu m'zaka zinayi, ndikukayikira zinthu ziwiri. Mwina mukugula mabatire a galimoto, amene anapangidwira kuliza injini kwa sekondi zochepa osati kukhuthulidwa usiku uliwonse. Kapena mukuwamwa mpaka pansi. Batire la mtovu silifuna kutsika kupitirira theka, ndiye la 100 Ah muziliwerengera ngati la 50 Ah, ndipo lizidzaza kotheratu tsiku lotsatira. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chifunga chikagona pa Lizulu masiku atatu, panelo yaing'ono silidzazitsa, batire limakhala theka sabata yonse, ndipo mbale zake za mkati zimauma ndi sulphate osabwereranso. Nthawi zambiri mankhwala ndi kuwonjezera panelo, osati kusintha batire. La lithium la mtundu wa LiFePO4 limapirira kudzaza ndi kukhuthula maulendo masauzande, koma limafuna controller yogwirizana nalo. Mundilembere kukula kwa panelo yanu ndi zonse zimene mumayatsa usiku, tiwerengere limodzi.

Choki ija musataye, muphunzitsire anyamata anu. Pezani kababu ka neon, kofiira kaja kamene kamakhala m'maswichi a maekisitenshoni akale. Kameneko sikayaka pansi pa ma volt 60 kapena kuposerapo, ndiye batire la ma volt 12 palokha silingakayatse. Chotsani resistor yake, kalumikizeni mopingasa nsonga ziwiri za choki, ndipo mugwiritse ntchito mawaya okhala ndi zopanira kuti zala zisakhudze chitsulo. Tsekani chitseko kuti mukhale mdima. Gunditsani waya pa batire, kababu kakhala chete. Chotsani, kaphethira. Kenako ikani 1N4007 ija mmene ndafotokozera, mubwereze, ndipo muwafunse anyamatawo kuti kuphethira kuja kwapita kuti.